Khosi la Sava

Plopeni, 9 Malichi 2003

Mlongo wanga Profira,

Landira moni kuchokera kwa ine mchimwene wako Trofim, mlamu wako Varvara ndi anyamata athu awiri. Kaya uli bwanji ku Padova, ku Italy, pamodzi ndi gogo wachitaliyana amene ukumusamalayo? Ife tilipo. Tayamba kudulira mpesa ngakhale m'mawa kukuzizirabe.

Katundu amene unatumiza pa minibasi ya Anatol anafika Lachinayi: mabotolo anayi a makapisozi a Sava, mafuta ophikira, tchizi, chokoleti ndi nsapato. Nsapatozo zamukulira, adzavala chaka chamawa.

Tsopano za mwana wako. Sindikufuna kukuopseza, komanso sindikufuna udzamvere kwa ena. Pa 4 Malichi ndinapita naye kwa dokotala ku Chișinău. Pa sikelo anakwana makilogalamu 11.4. Mu Disembala anali 11.9. Dokotala wati mwana wa zaka zitatu sabwerera m'mbuyo chonchi, makamaka wa nthenda yakeyi ya mukovisidozi, yolimbitsa makhololo ndi kulepheretsa m'mimba kugaya mafuta. Chifuwa chili bwinoko. Varvara amamuomba pamsana m'mawa ndi madzulo kuti makhololo atuluke, monga unatiphunzitsira. Vuto ndi khosi.

Sava sakufuna chilichonse cha mibulu. Mkaka amamwa. Mbatatesi yoponda bwino amadyako pang'ono. Koma lilime likangokhudza kanthu kolimba, kaya kachidutswa ka karoti mu supu, kaya kanyenyeswa ka buledi, amatong'ola maso, khosi limakoka ngati akusanza, misozi n'kumatsika. Nthawi zina amasanzadi, ndipo zonse zimene tavutika nazo zimathera pa thaulo. Masiku ano akangoona supuni amabisa nkhope m'khwapa mwanga.

Dokotala wati sikelo ikapanda kukwera pofika pa 10 Juni, amugoneka m'chipatala ndi kumuika kapaipi ka m'mphuno kodutsira chakudya.

Makapisozi amene watumizawa atifikitsa pa 25 Epulo. Ena akafika Pasaka isanakwane zikhala bwino. Ndakuikira chithunzi cha ana onse atatu chimene tinajambulitsa pakhomo.

Ndine mchimwene wako,
Trofim

Padova, 23 Malichi 2003

Achimwene,

Moni kwa inu ndi ana. Ine ndili moyo. Gogo wanga amandiitana ndi dzina la galu wake amene anafa, koma ndazolowera, ndimavomera.

Chithunzi ndachiona. Ndachiyang'ana mpaka chapindika m'ngodya. Anyamata anu masaya ngati mabanzi a pa Pasaka. Wanga ali kumapeto, khosi ngati la mwanapiye wonyowa, juzi ikumulendewera. Nyumba imodzi, tebulo limodzi. Mundifotokozere, achimwene, popeza inu simunama.

Pamene ndinkachoka anali ndi chaka ndi theka, ndipo ankadya. Ankamung'unya khoko la buledi tsiku lonse. Lero mukuti buledi yemweyo akumutsamwa?

Lamlungu azimayi akwathu timakumana ku paki kumene kumaima maminibasi. Zinovia, uja wa kuseri kwa tchalitchi, wangobwera kumene kuchokera kumudzi. Akuti pamsika wa ku boma pali mayi amene akugulitsa makapisozi m'mabotolo olembedwa Chitaliyana, ofanana ndendende ndi amene ndimatumiza. Sindikutchula munthu. Koma akutinso mlamu wapachika makatani atsopano.

Kuti ndigule botolo limodzi ndimasambitsa gogo masiku anayi.

Ndikupemphani chinthu chimodzi, ndipo musauze mlamu. Makapisozi aja mumawatsegula kuti muthire tinjere ta m'katimo pa chakudya. Ndiye kuti zikhokho zake zimatsala. Muzisunge, munditumizire pa minibasi. Ngati mwana akumwadi mankhwala, zikhokhozo zindiuza.

Mukudziwa kuti sindingabwere. Ndikangotuluka m'dziko lino mapepala anga asanatuluke, sindidzalowanso, ndipo makapisozi adzathera pompo. Maso anga kumeneko ndi inu.

Mlongo wanu,
Profira

Plopeni, 13 Epulo 2003

Mlongo wanga Profira,

Moni. Tonse tilipo, ndipo tikukhulupirira kuti nawenso uli bwino. Kalata yako ndinakaiwerengera kumunda wa mpesa kuti pasakhale wondifunsa.

Zikhokho sitinkataya. Kuyambira pa 1 Januwale ndimaziponya m'botolo la uchi kuti ndizidziwa kuti tsiku lakwana. Amamwa makapisozi asanu ndi atatu patsiku, ndipo mpaka dzulo zikhokho zilipo 816. Ndakutumizira botolo lonse. Makatani Varvara anasoka ndi nsalu ya malemu amayi imene inali m'bokosi.

Varvara anandipeza ndikukulunga botololo, n'kundifunsa kuti ku Italy kwayamba njala yanji yoti anthu azidya zikhokho. Sindinathe kunama. Walemba kalata yake, wamata yekha, ine sindinaione. Ili m'thumba lomweli.

Pali china. Lamlungu lapita, pa 6, tinapita naye Sava ku mgonero monga amachitira ana onse m'nyengo ino ya kusala. Wansembe atamuika supuni m'kamwa, kanyenyeswa ka mkate konyowa vinyo kanamukhudza lilime, ndipo khosi linakana. Analavulira pa nsalu yofiira ija amagwira pansi pa chibwano. Wansembe sanakwiye. Anapinda nsaluyo bwinobwino n'kunena kuti ndi mwana. Koma azimayi a kumbuyo anayamba kudzilemba mtanda. Potuluka, wina ananena mokweza kuti ndimve: "Mwana akakana chikho, funsani kumene mayi ake akugona." Anali mng'ono wake wa Zinovia yemweyo.

Ine zimenezo sindizikhulupirira. Ndingofunsa chimodzi, usakwiye. Kuyambira Novembala, dzanja lolemba adiresi pa katundu wako si lako. Ndi la yani? Anthu amayang'ana Anatol akamatsitsa katundu pa mphambano, n'kumandifunsa za dzanjalo.

Lachisanu ndinamuyeza Sava ku chipatala chaching'ono cha kuno: 11.3. M'kamwa mwatuluka tizilonda toyera, pa lilime ndi m'kati mwa milomo. Nesi wati mwina ndi kuchepa kwa mavitamini.

Ndine mchimwene wako,
Trofim

Plopeni, 13 Epulo 2003

Mlamu,

Moni, ngakhale moni wako amathera pa achimwene ako ndi ana, ine n'kukhala ngati mpando wa m'nyumba muno.

Ndamva kuti ndine wamalonda. Zikomo. Ndikanakhala wamalonda bwenzi nditaikitsa dzino langa la kutsogolo lija. Makatani ndi a mayi ako. Ukabwera udzawanunkhize, akumvekabe mankhwala a njenjete.

Popeza Zinovia amadziwa za m'nyumba mwanga kuposa ine, mufunse ngati anakuuza izi. Ndimadzuka ndi kumugoneka mwana wako pamiyendo, kumuomba pamsana mpaka makhololo atuluke. Kenako mapoto awiri. Ife tikusala, nyemba zopanda ndi dontho la mafuta lomwe. Iye yekha batala, mazira, mafuta a pamwamba pa mkaka. Anyamata anga amayang'ana mbale yake ngati agalu a pa bucha. Wamng'ono ndinamukwapula chifukwa chonyambita supuni ya Sava. Masaya awo ndi a kwa bambo anga. Kwathu tonse ndife otero, ngakhale pa njala timaoneka ngati tachokera ku ukwati.

Chilichonse chimene Sava amadya ndimasefa pa kansalu. Nanga tinjere tako ta golide tija, ukuganiza timalowa bwanji m'khosi lokana ndi njere ya mpunga yomwe? Chaka chatha anayamba kutilavula. Ndinkatibisa mu phala, iye n'kumatifufuza ndi lilime, mpaka anayamba kukayikira mbale iliyonse, ngakhale yopanda kanthu. Ndiye kuyambira pa Khirisimasi ndimatisinja m'kamtondo kanga ka adyo. Ndinakatsuka ndi madzi owira, ndipo adyo ife tinasiya, achimwene ako akudya nyemba zosakoma chifukwa cha mwana wako. Ndimasinja mpaka tisanduke ufa, n'kusakaniza mu chakudya chikadali chotentha kuti asamve kanthu. Nthawi iliyonse ya kudya. Dzanja langa lamanja silikwezekanso kuti ndipese tsitsi. Achimwene ako usawafunse, iwo amangonditsegulira makapisozi m'kambale n'kunyamuka kupita ku mpesa.

Ndipo akasanza, amasanzira ine, osati Zinovia.

Werenga zikhokho zako bwino. Chikasowa chimodzi, ndiye kuti ndadya ine.

Varvara

Padova, 4 Meyi 2003

Achimwene,

Khristu wauka.

Milungu isanu ndi umodzi yatha popanda yankho. Anatol sakuoneka ku paki. Ena akuti minibasi yake anaigwira pa malire, ena akuti ali kwawo akubzala chimanga. Makapisozi a Pasaka ndinapatsira dalaivala wina, ndipo kalata ino ndapatsira yemweyo. Iye akuti katundu anamusiya m'manja mwanu, ndipo munangoti zikomo. Mukanakhala ndi chonditumizira mukanampatsa. Ndaona kuti zikhokho palibe, ndipo mukusowa cholemba.

Sindikukudani. Munthu amateteza amene amamuphikira.

Ndalembera mayi Evdokia ku Bălți. Mwana wawo, bambo ake a Sava, anatithawa n'kukasowera ku Moscow, ndi zoona, koma iwo ndi agogo ake a Sava, ndipo m'nyumba mwawo mulibe pakamwa pena podikira za mdzukulu wawo. Avomera. Abwera pa 1 Juni kudzamutenga. Mumukonzere zovala, makapisozi ndi mapepala a kuchipatala. Kwa dokotala pa 10 adzapita naye iwowo.

Pa zonse zimene mwamuchitira ndikuthokoza.

Profira

Padova, 18 Meyi 2003

Achimwene,

Khristu wauka. Anatol watulukira lero. Minibasi yake inakhaladi pa malire mwezi wathunthu, katundu yense ali momwemo. Wandipatsa botolo ndi makalata awiri a pa 13 Epulo. Ndiye kuti munayankha kalekale, ndipo munkayesa kuti ndalandira. Zikhokho sindinawerenge. Ndawerenga kalata ya mlamu, pa benchi pompo, kawiri.

Achimwene, chotsani kamtondo kaja lero lomwe.

Tinjere tija sasinja. Kanjere kalikonse kali ndi chikopa chake kuti kadutse m'kamwa ndi m'mimba kosasungunuka, kakatsegukire m'matumbo, kumene kuli ntchito yake. Mukatisinja, mankhwala amayamba kugaya m'kamwa mwa mwana. Tizilonda tija n'timeneto. Ndipo pofika kumene akufunika amakhala atafa kale. Chakudya chotentha chimawaphanso. Miyezi yonseyi batala ndi mazira zakhala zikungodutsa, ndipo supuni iliyonse imamuwotcha. Nanga angaikonde bwanji supuniyo?

Dokotala anandiuza zimenezi Sava ali khanda. Pa kapepala ka m'bokosi zalembedwanso, koma m'Chitaliyana. Ine ndinkayesa kuti aliyense amadziwa.

Muzichita chonchi. Tinjere tathunthu pa nsonga ya supuni, pamwamba pa maapozi ophika atazizira. Ameze osatafuna, amwere madzi, kenako muyang'ane m'kamwa ngati simunatsale kanjere. Ndikudziwa kuti n'chimene khosi lake limakana. Njira ina palibe.

Ndaimba ku positi ofesi ya kwathu koma ndi Lamlungu, palibe woyankha. Mawa ndiyesanso. Kalatayi inyamuka madzulo ano.

Mtima wina ukundiuza kuti mlamu ankadziwa. Wina ukuti munthu wodziwa sangadzitamandire nazo m'kalata. Sindikudziwa woti ndiumvere.

Dzanja la pa katundu ndi la Gianna, mwana wamkazi wa gogo wanga. Zilembo za kuno zimandivutabe, ife kusukulu tinaphunzira zina zija za ku Moscow, ndipo a pa malire anabwezapo katundu wanga chifukwa cholephera kuwerenga. Gianna ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndi ndevu zitatu pachibwano. Ngati ndicho chibwenzi changa, muuzeni mng'ono wa Zinovia kuti ndasankha moipa.

Za ku Bălți sindinasinthe. Abwere, aone okha.

Mlongo wanu,
Profira

Plopeni, 3 Juni 2003

Mlongo wanga Profira,

Waukadi. Tilipo tonse, ndipo tikukhulupirira kuti nawenso uli bwino.

Lolemba pa 19 mayi wa ku positi ofesi anandipeza kumunda n'kunena kuti, "Mlongo wako akuti musasinje. Sananene kuti chiyani, waya unaduka. Kaya ndi adyo, kaya ndi tsabola." Ine sindinamvetse. Varvara anamvetsa, ndipo anati, "Tsopano akulamula ndi khitchini yanga yomwe." Komabe tsiku limenelo sanasinje.

Kalata inafika Lachinayi. Ndinamuwerengera m'khitchini, n'kudumpha paja pa mitima iwiri. Iye anati, "Trofim, mawu ako asintha. Werenga pamene wadumphapo." Ndinawerenga. Sanalire, sanatukwane. Ananyamula Sava kupita naye pa zenera, n'kumutsegula pakamwa, n'kuyang'anamo nthawi yaitali. Masiku awiri otsatira ankalankhula ndi nkhuku zokha.

Poyamba zinali zovuta kuposa kale. Tinjere tathunthu Sava ankatisanza pamodzi ndi maapozi. Ndinaganiza zoti titibisenso mu phala lozizira, koma Varvara anakana. Anati, "Kubisa ndiko kunatifikitsa pano." Tsopano pali masupuni awiri. Amamuonetsa yaing'onoyo n'kunena kuti, "Iyi ndi ya tinjere, ndi yoipa, tonse tikudziwa. Meza, umwe madzi. M'mbale umu mulibe kanthu, fufuza wekha." Ndipo amamusiya kupisa zala m'mbalemo, kupaka patebulo, kudyetsa mphaka. Ine ndikatero ndimakalipiridwa.

Tizilonda tinapola patatha mlungu. Mwa masupuni atatu a tinjere, awiri akulowa popanda nkhondo. Lachisanu Sava anatola kachidutswa ka dzira lowiritsa, kukanyambita, kukagwira ndi mano, n'kukabwezera patebulo. Sanameze, koma khosi silinakoke. Dzulo sikelo inati 11.5. N'zochepa. Ngati zikwana kwa dokotala, sindikudziwa.

Mayi Evdokia anafika Lamlungu ndi sutikesi yopanda kanthu. Anapeza Varvara atachapa ndi kusita zonse za mwana, atazisanja pabedi. Anawakhazika pansi n'kuwafotokozera zonse, kuombera pamsana, mchere wowonjezera kukatentha, masupuni awiri, kuyang'ana m'kamwa. Kenako anawapatsa supuni. Sava analowa pansi pa tebulo. Mayiwo anagwada, kumunyengerera mpaka mawondo anawawa, n'kudzuka akuti, "Ine ndinauzidwa kuti mwana akumanidwa chakudya. Sindinauzidwe kuti ndi ntchito ya anthu atatu." Koma ndi munthu wa mawu ake. Akuti analonjeza kwa mayi wa mwana, ndipo ukati amutenge, amutenga.

Ine ndinati akhale, nkhani ithe. Varvara anati ayi. Ndikulemba mawu ake monga anawanenera: "Mwana si thumba la ufa loti azilitsitsa paliponse minibasi yaima. Mayi ake anandichotsa ndi kalata. Akafuna ndikhale naye, andilembere ine, dzina langa pamwamba. Za pa foni sindifuna, mawu a pa waya munthu amawakana mawa lake."

Mayi Evdokia akugona m'chipinda cha alendo. Pa 10 tipita tonse kwa dokotala. Pa 15 abwerera ku Bălți, ndi mwana kapena okha. Kalata ino ikupeza Lamlungu pa 8, ndipo ukayankha tsiku lomwelo, yankho lifika pa 12.

Pakati pa akazi atatu ine mawu ndilibe. Ndingokuuza zimene ndimaona. M'mawa uliwonse Sava amatsika pabedi yekha, kupita kwa Varvara, n'kudzigoneka chafufumimba pamiyendo yake kuti amuombe. Palibe amamuitana.

Ndine mchimwene wako,
Trofim

Padova, 8 Juni 2003

Mlamu wanga Varvara,

Moni kwa inu. Dzanja lanu lili bwanji? Ndaika mafuta opaka amene timapaka gogo wanga m'mapewa, amathandiza.

Ine ndinakutchani wakuba popanda kutchula dzina lanu. Inu munawotcha m'kamwa mwa mwana wanga popanda kudziwa. Chachikulu n'chiti sindikudziwa, ndipo sindikufuna kuziika pa sikelo. Sindinama kuti mtima wanga wayera wonse. Munthu akakhala kutali, chilichonse chimene sakuchiona chimaoneka ngati akumubisira.

Sava akhale ndi inu. Ndikupempha.

Mayi Evdokia muwathokoze, ndipo muwapatse tchizi chimene chili m'katundumu. Azibwera kudzamuona. Dokotala akanena kuti kapaipi, musakane. Koma pomuika, womugwira manja mukhale inu.

Pali chinthu chimodzi chimene achimwene sanandilemberepo m'makalata awo onse, ndipo ndikuganiza kuti amachidumpha dala. Ndinachoka mwanayo asanayambe kulankhula. Akafuna madzi, akakukokani siketi, amakuitanani kuti chiyani?

Mundiuze zoona. Ndipirira.

Mlamu wanu,
Profira